Sukulu ya Loweruka ya Amuna Anga

1

Mukandifunsa ngati ndili pabanja kapena ndine mkazi wamasiye, ndikuuzani kuti khalani pansi kaye, chifukwa funso limeneli linawakanika ngakhale akuluakulu a mpingo.

Dzina langa ndine Effie. Ndinabadwira ku Harare konkuno, nthawi imeneyo tinkati Salisbury. Bambo anga anachoka ku Ntcheu wapansi kudzaphikira azungu, osabwereranso. Amuna anga, a Laston, nawonso anali mwana wa mtchona. Chitupa chawo chinkanena kuti kwawo ndi ku Dedza, kumene sanapondeko n'kamodzi komwe. Eni dziko ankatitcha mabwidi, anthu opanda mudzi woloza ndi chala.

Tinkakhala ku Mabvuku ndi ana athu awiri, Iris ndi Maliko, m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya bambo Yoramu. Bambo Yoramu ndiwo analinso ankhoswe athu. Ukwati wathu unali wa kwathu, wa ankhoswe, wopanda pepala la boma.

Mu 1976 nkhondo itakula, azungu a m'maofesi ankaitanidwa kutchire mosinthana, mipando yawo n'kumatsala yopanda anthu. Tsiku lina a Laston anabwera akumwetulira ngati atola chikwama. Anati asiya ukalaliki wa kwa mmwenye m'tauni, alowa pa fakitale ina yopanga mapoto ndi zidebe ku Msasa.

"Mayi a Iris, kumeneku akulipirira makalaliki akuda sukulu. Digiri yoyendetsa bizinesi!"

"Sukulu pa msinkhu wanuwo? Muzivala kabudula?"

"Imeneyi ndi ya anthu apantchito. Mabuku amabwera pa positi kuchokera ku Joni. Kulibe belu, kulibe mphunzitsi wokuyang'anira. Umawerenga nthawi imene wafuna, kumene wafuna. Kampani imakupatsanso masiku oti usabwere kuntchito, ukawerenge."

"Sukulu yopanda belu ndiye ya alesi imeneyo."

"Sekani lero. Mawa mudzakhala mkazi wa manijala."

"Koma si paja zinthu zotere n'za eni dziko okhaokha? Ife mabwidi ayamba liti kutiwerengera?"

Anayang'ana kumbali, n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. "Zimenezo ndakonza kale," anatero. Ine wopusa ndinangoseka, osafunsanso.

2

Abale inu, munthu uja ankawerenga! Chipinda chathu chinali chimodzi, ana akulira, wailesi ya bambo Yoramu ikuphokosera kuseri kwa khoma. Choncho masiku awo owerenga ankanyamula mabuku ndi botolo la tiyi, n'kukakhala okha m'matanthwe a kuseri kwa lokeshoni mpaka dzuwa kupendeka. Akabwera, ankandiphunzitsa ine mawu akuluakulu ndikusenda anyezi.

"Mukudziwa kuti tomato wanu mukumugulitsa molakwika? Wofewayo muziika patsogolo."

"Manijala, dikirani mupatsidwe ofesi kaye. Tomato ndi wanga."

Tinkaseka, ndipo ndinkawanyadira zedi. Ndikamachapa malaya awo pa mpopi ndinkachita kuwatambasula kuti amayi anzanga aone inki ya m'thumba.

Chimodzi chokha chinkandisautsa. Mwezi ukatha, Loweruka m'mawa, ankavala jekete n'kunena kuti ophunzira onse akukumana kuti athandizane, abwera Lamulungu. Ankabweradi Lamulungu madzulo, nsapato zili mbuu ndi fumbi, m'manja muli maungu, nthawi zina nzama.

"Sukulu yanji yopereka maungu?"

"Mnzanga wa m'kalasi ali ndi munda."

"Mumuuze mwezi wamawa aphunzitse za nkhuku."

Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha. Ndinaona, koma ndinati ndi kutopa.

3

Amene ananditsegula maso ndi mayi Kulsum, Mchawa wa pa mzere wathu, amene ankagulitsa matemba ku msika waukulu kumene mabasi a kumidzi amaima. Anandikokera kuseri kwa chimbudzi Lolemba lina.

"Mayi a Iris, ine sindikonda zonyamula nkhani. Koma ndi maso angawa ndawaona amuna anu akutsika basi ya ku Mutoko. Ali ndi mkazi wa Chishona, mwana kumbuyo. Mwanayo anamunyamula okha, kumugulira banzi. Aka si koyamba."

Madzulo ake ndinawadikira pakhomo, manja m'chiuno.

"Mnzanu wa m'kalasi wa maungu uja ndamumva. Akuti amabereka mwana kumbuyo."

Anaika chikwama cha mabuku pansi.

"Ndani mkaziyo?" ndinafunsa.

"Effie, sindinakulakwire."

"Ndati ndani?"

"Sindinganene. Undipirire mpaka ndilembe mayeso omaliza. Ndikatero ndidzakuuza zonse, mutu mpaka mchira."

Asa! Ndinaitana ankhoswe. Bambo Yoramu anawafunsa mofatsa, anawafunsa mokalipa, koma a Laston anangolumbira kuti sanagonepo ndi mkazi wina, kwinako pakamwa anatseka. Mwezi utatha, anavalanso jekete lija n'kupita.

Lokeshoni yonse inadziwa. Pa mpopi ndikafika nkhani zinkaduka. Wina anachita kunena mokweza kuti mwamuna akaphunzira amafuna mkazi wokhala ndi mudzi. Mawu amenewo anandilasa, chifukwa mudzi ndinalibedi. Ndinawayalira mphasa pansi, ine ndi ana pabedi. Chakudya ndinkawaikira osawayang'ana. Tinakhala choncho miyezi yambiri, iwo akuwerenga, ine ndikutukwana mumtima.

4

Mayeso omaliza analemba kumapeto kwa 1977. Tsiku lomwe anamaliza anabwera ndi nsalu yatsopano n'kuiika pabedi.

"Lamulungu tikachoka ku tchalitchi tikhale pansi. Ndikuuze."

"Mukauze wa ku Mutoko," ndinayankha, nsalu ija n'kuikankhira pansi.

Lachisanu anapita kuntchito ndipo sanabwere. Loweruka zii. Lamulungu zii. Ndinati basi, munthu wasamuka, wapita kwa mkazi wokhala ndi mudzi. Ndinalira ndi ukali, osati ndi mantha. Koma sabata itayamba ndinaona kuti jekete lawo lili pa msomali, mabuku onse ali pansi pa bedi. A Laston akanatha kundisiya ine, koma mabuku ayi.

Ndinakwera basi ya ku Msasa. Pa geti la fakitale panali mlonda wachikulire.

"Ndikufuna a Laston Phiri, kalaliki."

"Kuno kulibe dzina limenelo, amai."

"Alipo! Wamtali, wa mpata m'mano, amakonda kuika pensulo kukhutu. Amene akuphunzira za umanijala."

"Ooo, mukunena Severino Katsande!" Kenaka anatsitsa mawu. "Apolisi anamutenga Lachisanu, unyolo m'manja ndi m'miyendo. Inu ndinu ndani wake?"

Ndinali ndani wake wa munthu amene dzina lake ndinali kulimva koyamba?

5

Patapita masiku ochepa, masana dzuwa likuswa mtengo, ndinamva odi wa Chishona pakhomo: "Tisvikewo." Anali mkazi wowonda, wovala nsapato za matayala, mwana kumbuyo. Sindinachite kufunsa. Ndinagwira mpini wa tsache.

Iye anagwada pa dothi n'kuyamba kuwomba m'manja.

"Ndine Celestina," anatero m'Chishona. "Mundimenye ndikatha kulankhula."

"Mwamuna wanga ali kuti, hule iwe?"

"Ali m'ndende m'malo mwa mwamuna wanga."

Tsache linagwa lokha. Ndinamulowetsa m'nyumba, ndipo izi ndi zimene anandiuza.

Severino Katsande anali munthu weniweni, mwamuna wake. Anawoloka malire kupita ku Mozambique kukalowa gulu la anyamata a nkhondo. Pambuyo pake boma linasonkhanitsa midzi yawo m'kipu, mudzi wozunguliridwa ndi waya, wokhala ndi alonda a mfuti pa geti. Alonda ankafunsa banja lililonse kuti amuna anu ali kuti. Banja losowa yankho linkamenyedwa, ng'ombe kulandidwa.

"Mng'ono wa apongozi anga ankagwira ntchito ndi amuna anu kwa mmwenye. Anamva kuti akufuna chitupa cha mwini dziko kuti alowe sukulu. Ife tinkafuna Severino woti azioneka pa geti mwezi ukatha, atanyamula shuga ngati munthu wogwira ntchito m'tauni. Apongozi anapita nawo kwa DC, n'kunena kuti chitupa chakale chinapsa. Chatsopano anadindapo chala cha amuna anu."

"Ndiye ankagona kuti?"

"M'khitchini, ndi apongozi. Sanandikhudze ngakhale chala. Nthawi zina ndinkabwera nawo m'tauni kuti alonda aone kuti ndife banja. Ankangokamba za inu ndi Iris."

Ndinakhala pansi pa simenti. Miyezi yonse ija ndinkagoneka pa mphasa munthu wosalakwa.

"Nanga amugwirira chiyani?"

"Anyamata anaukira pulazi ina, famu ya azungu, kufupi ndi tauni, mzungu anafa. Mmodzi anagwidwa, mwana wa kwathu komwe. Atamumenya anatchula mtsogoleri wawo, Severino. Asilikali atabwera ku kipu, alonda anati, ameneyo timamudziwa, amagwira ntchito ku Msasa."

"Ndiye tiye! Tiye ukawauze kuti si iyeyo!"

Anayamba kulira. "Ndikanena, ndiye kuti mudzi wonse unanama pa geti. Apongozi awanyonga, ine andimanga, nyumba atentha. Tinalumbira kale kuti ndi iyeyo. Sindingathe, amai. Ndabwera ndi chinthu chimodzi chokha. Kundende amalola mkazi wake yekha kukamuona. Pitani inu. Mukanene kuti ndinu Celestina."

6

Ndinapita. Pa geti la ndende msilikali anandifunsa dzina, ine n'kutchula la mkazi amene ndinamutukwana chaka chathunthu.

Anawabweretsa kuseri kwa waya. Mayo ine! Nkhope inali yotupa, mpata wa m'mano uja utakula chifukwa mano ena panalibe. Msilikali anaima pambali pathu, choncho tinayamba m'Chishona ngati alendo.

"Muli bwanji, a Severino?" ndinafunsa.

"Ndilipo. Ana ali bwanji?"

Msilikali atasuntha kukakalipira mayi wina, anayandikira waya n'kulankhula Chichewa mothamanga.

"Effie, wamva zonse?"

"Ndamva. Bwanji osandiuza, bambo a Iris? Bwanji?"

"Ukanadziwa, lero ukanakhala mbali ino ya waya."

"Auzeni dzina lanu!"

"Ndinawauza. Ndinachita kukuwa. Anaseka, akuti chigawenga chilichonse chikagwidwa chimasanduka Mnyasalandi. Anabweretsa bwana wa ku fakitale, analumbira kuti ndine Severino. Anabweretsa mdala wa ku Mutoko, analumbira akulira kuti ndine mwana wake. Chala cha pa chitupa ndi changa."

"Chitupa chanu chakale chili kuti?"

"Ndinawotcha."

"Koma tsiku la ku pulazilo munali kuntchito!"

Anapukusa mutu. "Linali tsiku langa lowerenga. Ndinali m'matanthwe ndekha. Anandifunsa kuti mphunzitsi wako ndani, tiitane achitire umboni. Ndinati sukulu yathu ilibe mphunzitsi wokuona. Anati kalasi yako ili kuti. Ndinati paliponse. Woweruza analemba zimenezo."

Ndinagwira waya mpaka zala kuchita dzanzi. Ndinafuna kupepesa za mphasa, za nsalu ija, koma msilikali anali akubwerera. A Laston anafunsa mofulumira, maso akuwala ngati mwana:

"Zotsatira za mayeso sizinamveke?"

"Sizinamveke."

"Pepala lomaliza lija ndinalemba bwino, Effie. Ndikudziwa ndinakhoza."

Belu linalira, anawatenga. Sindinawaonenso.

7

Sindinakhale manja lende. Ndinagwada kwa bambo Yoramu, iwo n'kuvala jekete lawo la ku tchalitchi, tinapita ku polisi. Bambo Yoramu anayamba bwino, kunena kuti mnyamata womangidwayo anamuona akubadwa, dzina lake ndi Laston, amakhala kuseri kwa nyumba yawo.

Wapolisi anatenga cholembera. "Mdala, ukunena kuti chigawenga chimenechi chimagona m'nyumba yako ya kanselo? Nenanso bwinobwino ndilembe."

Bambo Yoramu anayang'ana cholembera chija nthawi yaitali. Anali ndi ana asanu ndi awiri m'nyumba imeneyo, ndi chitupa cha mlendo m'thumba.

"Ndasokoneza, bwana. Ukalamba."

Panja anandigwira dzanja. "Mwana wanga, kwa eni kulibe mkuwe." Sindinawade. Mantha awo ndinkawadziwa, anali anganso.

Mlandu unapitirira m'chipinda chotseka mpaka kutha. Nthawi imeneyo akanyonga munthu sankauza abale, mtembo sankapereka. Nditapitanso kundende anangoti, "Ameneyo kuno kulibe." Bungwe lathu la maliro, limene a Laston ankasonkhako mokhulupirika, linati silingakhazike maliro popanda mtembo kapena uthenga wa imfa. Abusa anati tiziyembekeza. Sindinamete, sindinavale zakuda, palibe anabwera kudzagona pakhomo.

Nkhondo itatha, akaidi anayamba kutuluka. Ndinkaima pa geti la ndende ndi Iris ndi Maliko, kuyang'ana nkhope iliyonse. Kenaka ndinapita ku ofesi ina yofufuza anthu osowa. Mtsikana wa kumeneko anali waulemu, anafufuzadi.

"Laston Phiri sanamangidwepo, amai."

"Yesani Severino Katsande."

Anapita, anabwera akumwetulira ngati wandipezera mphatso. "Musalire! Ameneyu ali moyo. Mabuku akale a kundende analakwitsa polemba kuti ananyongedwa. Anabwera kuno yekha kudzakonzetsa. Ndi manijala pa kampani ina yonyamula katundu ku Msasa."

Ndinathamanga, abale, mayi wamkulu kuthamanga mumsewu! M'basi ndinkapemphera mokweza kuti ngakhale atakhala kuti anandisiya dala, ngakhale akhale ndi Celestina, bola ndiwaone ali moyo.

Anandilowetsa mu ofesi. Kuseri kwa tebulo kunali munthu wamfupi, wakuda bii, wa chipsera pa tsaya. Sindinamuonepo chibadwire. Pamwamba pa mutu wake, m'galasi la felemu, munali digiri yoyendetsa bizinesi, ya chaka cha 1977, yokhoza mwapamwamba, dzina lake Severino Katsande.

"Ndine mkazi wa Laston," ndinatero.

Anadzuka, anatseka chitseko. Sanakane kanthu. Anati pepalalo linatumizidwa kumudzi wolembedwa pa chitupa, Celestina analisunga, iye pobwera kutchire analibe china chopezera ntchito.

"Amuna anu anapulumutsa mudzi wathu, amai. Sitiiwala."

"Ndiye tiyeni mukanene. Mukanene kuti amene ananyongedwa ndi Laston, ndipeze pepala, ndilire maliro."

Anayang'ana felemu ija, kenaka anayang'ana pansi. "Ndili ndi ana, amai. Zinali za nkhondo." Anaitana mtsikana wa mu ofesi yake kuti andipangire tiyi. Ndinatuluka tiyi asanafike.

8

Owerenga anzanga, nkhani zotere zimatha ndi malangizo, koma ine ndasakasaka, malangizo abwino sindikuwapeza. Ndinene kuti musafune maphunziro? A Laston sanabe, sanaphe. Anangofuna mpando umene nzeru zawo zinkaukwana, pakhomo pake n'kupeza polembedwa kuti alendo ayi. Ndinene kuti amayi muzikhulupirira amuna anu? Inunso mukanamva za mkazi wa mwana kumbuyo mukanayala mphasa. Akuti walira mvula walira matope, koma matope amene anatigwera ife anaposa mvula imene tinapempha.

Celestina ndinamukhululukira kalekale. Mwamuna wake ndimalephera, ngakhale ndimayesa Lamulungu lililonse. Iris anakwatiwa, Maliko amayendetsa minibasi, ndipo onse awiri amalankhula Chishona kuposa Chichewa. Adzukulu akandifunsa kuti manda a agogo aamuna ali kuti, ndimawatuma kukagula mchere.

Ndakalamba tsopano, ndipo ndasiya kupempha pepala, manda, ngakhale chipepeso. Chatsala n'chimodzi. Mwina mwa inu muli wina amene anali m'ndende yaikulu ya m'tauni muno mu 1978, mkaidi kapena msilikali, amene akukumbuka munthu wamtali wolankhula Chishona chopotoka pang'ono. Ndinamva kuti m'mawa womaliza amamufunsa munthu dzina lake asanamuveke chingwe. Ngati munalipo, bwerani ku Mabvuku, mufunse mayi a Iris ogulitsa tomato. Sindidzakufunsani ngati analira kapena ngati zinawawa. Mudzangondiuza dzina limene anayankha.